Ndere Zimene Mlamu Anayanika Padenga

Inu amene mukuti zanu zada, tamvani za mayi wina amene anafika kwa mchimwene wake ndi chikwama chimodzi, banja litatha, ntchito itathanso. Ankagona pakhonde lotchinga ndi makatoni, pafupi ndi thanki yodontha.

Mlamu wake anali m'gulu losamalira zomera zachilengedwe, ndipo maluwa ake ankatchuka. Mayiyo ankawayang'ana mtima ukuwawa, nsanje yeniyeni, tisanamizane. Analowa nawo gululo kuti nayenso aoneke. Koma maluwa ndi mitengo zinali ndi eni ake kale, ndiye anangomuponyera ndere, zija timapala ndi fosholo kuseri kwa bafa.

Anakwiya, komabe anagwada n'kuyamba kuphunzira. Wapampando wa gululo anamubwereka kagalasi kokulitsa zinthu, n'kumuonetsa kuti ndere zilipo zamitundumitundu: zofewa ngati bulangete, zophwatalala zomata pamwala, ndi zina zotulutsa tinyanga. Anayamba kuzilera m'mathireyi akale pamthunzi wa thanki. Pakhomopo anamupatsa dzina loti Nandere.

Kenako gulu linalengeza kuti likufuna munthu mmodzi wosamalira nazale yake, ntchito yokhala ndi nyumba yomwe. Aliyense abweretse zomera zake kuchionetsero. Apa nsanje inasamuka. Mlamu anali atamva wapampando akuyamikira mathireyi aja, ndiye Nandere ali kumsika, anawanyamula n'kuwayanika padenga dzuwa likuswa mtengo. Atafunsidwa, amvekere ankangosesa pakhonde.

Nandere anapeza zonse zauma gwa. Analira kwambiri, poti ntchitoyo ndiyo inali khomo lokhalo lotulukira panyumba ya eni. Zophwatalala ndi zatinyanga zinali zitaferatu. Zofewa zija anazinyamulabe.

Kuchionetsero anthu anaseka. Mlamu anati, "Mwatibweretsera zinyalala, alamu?"

Nandere anawaza madzi pathireyi n'kuyankha kuti, "Dikirani pang'ono."

Timasamba tinayamba kutambasuka anthu akuona, kubiriwira n'kumabwerera. Mlamu, katswiri wa maluwa, sankadziwa kuti ndere zamtunduwo zikauma sizifa msanga, zimangodikira madzi. Anthu anasiya maluwa ake n'kuunjikana pathireyipo.

Ntchito anapatsidwa Nandere. Tsiku losamuka, mlamu sanatuluke m'chipinda, akuti mutu ukuwawa.

Ndiye inunso, wansanje akakuyanikani padzuwa, musadziwerengere kwa akufa. Osataya mtima, madzi anu akubwera.