Kompyuta ya Malume pa Khonde

Disiki imodzi ndikadali nayo mpaka lero. Ndi yakuda, yopyapyala, yofewa ngati chikuto cha buku, ndipo palibenso makina amene angaiwerenge. Ana anga amaiseka. Ine ndikaigwira ndimakumbukira dzinja lija ku Chipoka, ndili mu Sitandade 6, pamene malume anabwera kudzakhala nafe.

Malume ankakonza makina a m'maofesi ku Lilongwe. Ntchito itawathera, anatsika sitima ali ndi chikwama chodzaza ndi zidutswa za makompyuta zomwe ena anataya. Amayi, omwe ankatilera ndi geni ya usipa wouma, anasuzumira m'chikwamamo n'kufunsa kuti, "Achimwene, nanga zovala zili kuti?" Malume anangoseka.

Nyumba yathu inali pafupi ndi siteshoni, imodzi mwa zochepa zokhala ndi magetsi. Mmisiri wokhoma mabwato anawapangira bokosi la matabwa, ndipo malume anamangiriramo zidutswa zija, mawaya ali pirikitipirikiti. Nyumba yonse inkanunkha mtovu wosungunuka. Tsiku loyamba kuyatsa, fani inalira, malemba obiriwira anaoneka pa sikirini, kenako zii. Ndinaganiza kuti zalephereka. Malume anati ayi, makinawo ali bwino, kungoti analibe chowauza chochita. Panafunika kulowetsamo pulogalamu yaikulu, yoyendetsa zina zonse, kuchokera pa madisiki, imodzi ikatha ina, mpaka ikhazikike m'kati.

Ntchito imeneyo anandipatsa ine. Amayi ankadandaula kuti mwana wamkazi azikhala pa thandala la usipa, osati pa mawaya, koma malume ankangondikokera mpando. "Chala chako ndi chako," ankatero. "Dina."

Dzinja silinatikonde. Tikafika pakati, mphezi inkang'anima kunyanja, magetsi n'kuthima, ndipo tinkayambiranso pachiyambi. Disiki ina inachita chuku chifukwa cha chinyezi, malume n'kuipukuta pang'onopang'ono ndi thonje, akuipemerera mpweya. Mvula ikulira pa malata, ine ndinkamvetsera kukhukhuluza kwa makina akamawerenga.

Aphunzitsi anga, mlendo wochokera boma lina, ankabwera Loweruka kudzaonerera. Tsiku lina sanakhale n'komwe pansi. Masiku amenewo mapepala odzudzula boma ankapezeka pamsika m'mawa, wowalemba osadziwika, ndipo aphunzitsi anati mbiri yafika kwa a chipani yoti makina a malume amalankhula ndi anthu akunja. "Tsekani mawindo," anawanong'oneza, "kapena mukawaponye m'nyanja."

"Chobisa ndiye chimasanduka mlandu," anayankha malume.

Kutacha, ananyamula bokosi lija, sikirini ndi kiyibodi, n'kuziika pa khonde, waya wa magetsi atadutsira pawindo. Lero ndine wamkulu, ndipo ndikuona kuti kumeneko kunali kuuma mutu. Analibe n'komwe makina osindikizira mapepala, akanatha kungodikira mphepo idutse. Koma kuwadzudzula sindingathe. Munthu wolumikiza yekha zinthu zotayidwa mpaka ziyake, kumuuza kuti achite manyazi nazo n'kumupempha chinthu chachikulu.

Anthu anasonkhana: amayi a malichero pamutu, aganyu a kudoko, anzanga a kusukulu. Kumwamba kunayera, magetsi sanathime. Tinali pafupi kumaliza kulowetsa madisiki pamene anyamata a chipani anatulukira, ndodo zili m'manja, anthu n'kuwapatukira.

"Zimitsani chimenecho," anatero wamkulu wawo.

"Ikatha ndizimitsa," anatero malume osaimirira. "Mukaizimitsa pakati imawonongeka." Kenako anatembenukira kwa ine. "Ika yotsatira."

Poyamba disiki inakana kulowa. Ndinaitembenuza, ndinaikankha, ndinatseka kachitseko kake. Makina anakhukhuluza nthawi yaitali, mpaka pa sikirini panatsala chilembo chimodzi ndi kamzere kophethira, kudikira kuti munthu alembe. Pulogalamu inali itakhazikika.

Malume anandiuza kuti ndilembe dzina langa. Ndinalemba, ndinadina, ndipo makina anayankha m'Chingerezi kuti lamulo limenelo sakulidziwa. Malume anamasulira mokweza kuti aliyense amve.

"Mwamva? Dzina la mwana wa m'nyumba muno sakulidziwa. Nanga za boma angazidziwire kuti?"

Anthu anaphulika kuseka. Ndikhulupirira kuti chimene chinawatengetsa malume ndi kuseka kumeneko, osati makina ayi. Anyamata aja anazula waya, ananyamula bokosi ndi sikirini, awiri n'kugwira malume m'mikono. Atafuna madisiki, pa tebulo panalibe kanthu. Amayi, omwe sanaikondepo kompyutayo, anali atawakokera m'lichero lawo n'kuwakwirira ndi usipa. Anasenza lichero, n'kudutsa pakati pa anyamatawo.

"Mayi, timbale tija tili kuti?"

"Ine ndimadziwa usipa, ana anga," anatero amayi osatembenuka.

Malume anawatengera kuboma ku Salima. Amayi ankapitako ndi chakudya, n'kubwerera nacho osaloledwa kuwaona. Aphunzitsi anasiya kutipatsa moni pamsewu, koma m'kalasi sanandifunsenso za khadi la chipani.

Malume anabwerera mvula itasiya, chimanga chitauma m'minda. Anali ataonda, tsitsi litametedwa mpala. Asanamwe n'komwe madzi anafunsa za madisiki, ndipo amayi atawatulutsa, anawanunkhiza n'kuseka mpaka kutsokomola. Sabata yomweyo anapita kwa mmisiri wa mabwato kukaitanitsa bokosi lina, lopanda kanthu koikamo, n'kuliika pa khonde pomwe paja kuti odutsa alione.

Ine ndinaona ngati tapambana, ndipo ndinkadzitama kwa anzanga. Chimodzi chokha ndicho chinkandidabwitsa. Malume, omwe kale ankavula malaya akadali patali ndi madzi n'kuthamangira m'nyanja ngati mnyamata, tsopano ankasamba atavala malaya, ngakhale m'mwezi wotentha, mchenga ukuwotcha mapazi. Ndinkawaseka kuti akuopa kuzizira. Nditakula m'pamene ndinazindikira kuti malayawo ankabisa zipsera za zikoti za ku Salima.