Asilikali a m'Mwendo wa a Eneya

A Eneya anali wocheka matabwa m'phiri la Mulanje, kumtunda kwa mudzi wathu. Anali munthu wofatsa, koma wamakani ngati chitsa. Ankatiuza kuti m'nkhalangomo nthawi zina mumalira ng'oma popanda woimba, ndipo wanzeru amangocheka, osacheuka.

M'chaka cha 1998 sowo inawacheka pakatumba. Kabala kake kanali kakang'ono, anangomangapo kansanza. Koma mwendo unatupa, khungu n'kumanyezimira, kutentha ngati mbaula.

"Ng'oma ija yalowa umu," ankatero, dzanja lili pamwendo. "Imvani ikugunda."

Akazi awo, a Alesi, anawakokera kuchipatala. Dokotala, mnyamata wa ku Rumphi, anayeza magazi n'kuwafotokozera mwaulemu.

"Bambo, pabalapa palowa tizilombo. Pakhungu pa tizilomboti pali timapuloteni tina, asilikali a m'thupi akangotikhudza amakuwa kuitana anzawo, anzawonso n'kuitana ena. Kutupaku ndi kutenthaku ndi ntchito yawo. Achuluka kwambiri m'magazi mwanu. Mugonekedwe lero."

Apa ndiye pamandipsetsa mtima mpaka pano. Zaka zimenezo Edzi inali itatitha, ndipo aliyense ankadziwa kuti munthu asilikali akamuthera, wapita. A Eneya anangotola mawu amodzi: achuluka. Anatenga ndodo yawo n'kubwerera kumudzi akumwetulira.

"Alesi, ndigonerenji kumeneko? Asilikali anga ndi tho!"

Ankakhala pakhonde dzuwa likuswa mtengo, akunjenjemera, akusisita mwendo ngati mwana. "Menyani, anyamata, menyani." Ine ndinkachita mantha kudutsa pamenepo. Kutupa kunafika pabondo, kenako pantchafu. Anayamba kuyankha moni wa anthu amene ife sitinkawaona.

Tinawanyamula pamachira kubwerera nawo kuchipatala. Anawabaya majakisoni, anawaika madiripi, koma moto m'thupi osazima. Dokotala uja anaitanira a Alesi pambali, ine ndili pomwepo.

"Tizilombo tambiri tafa, mayi. Koma zidutswa zake zikadali m'magazi, ndipo asilikali sasiyanitsa chamoyo ndi chakufa. Akungoitanabe anzawo. Tsopano akumenya impso ndi mapapo omwe."

"Ndiye auzenitu aleke, adokotala," anatero a Alesi. "Auzeni kuti nkhondo yatha."



A Eneya anatisiya mawa lake. Adzukulu amene anasambitsa mtembo anatuluka m'nyumba osayang'anizana. Mmodzi anandinong'oneza kuti thupi lonse linali zii, koma mwendo uja anausambitsa ukadali wotentha.