Ziro wa ku Lirangwe

Zopita ku Joni ndinaziganiza tsiku lomwe kampani imene ndinkagwirako ku Chileka inatiuza kuti ntchito yatha. Ndinali ndi pepala la zamakompyuta, mwana wanga Tadala amene anali atangoyamba sukulu, ndi amayi kumudzi ku Lirangwe. Za bambo ake a Tadala tisayambe, mutu ungandipweteke. Amayi sanachulutse gaga m'diwa. Anangoti, "Pita iwe, mwanayu ndi wanga. Ukakhala pano tizingoyang'anana."

Nditagona pansi m'chipinda cha mnzanga miyezi ingapo, ndinalembedwa pakampani ina yokonzera malipoti makampani ogula mbewu. Malipoti ake ndi a pakompyuta. Wowerenga amasankha yekha chimene akufuna kuona, kaya matumba, kaya matani, kaya peresenti, ndipo tchati imasintha pomwepo. Ntchito yanga inali kuonetsetsa kuti nambala ikuoneka molingana ndi muyeso umene munthu wasankha: matumba akhale athunthu, peresenti ibwere ndi chizindikiro chake, matani aonetse tizigawo ta patsogolo pa kadontho. Ukaphonya pamenepo, malo amene agula kagawo ka tani amaoneka ngati sanagule kanthu, ndipo bwana wina akhoza kutseka depoti chifukwa cha ziro wabodza.

Ntchitoyo ndinkaikonda, koma moyo wake ayi. Sabata inkatha osayankhula Chichewa ndi munthu. Pemiti yanga inali pafupi kutha, ndipo galimoto ya apolisi ikangodutsa m'mimba munkatentha. Lamlungu ndinkamvera mauthenga a amayi mobwerezabwereza mpaka foni kuzima.

Nyengo yokolola itatha, amayi ananditumizira chithunzi. Matumba anali atasanjidwa pabalaza mpaka kufika pawindo. "Chaka chino usavutike nafe," anatero. "Sunga ya mapepala ako." Ndinalira ndi chimwemwe, ndipo ndinachepetsadi zotumiza.

Chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku lina anandipatsa lipoti la kampani ina yokhala ndi madepoti kwathu kuno. Mwachibwana chabe ndinasankha Lirangwe, kenako matani. Tchati inaonetsa ziro. Ndinaseka, poganiza kuti ndi matenda aja a kadontho. Ndinakonza, nkusankhanso. Kunabwera ziro yemweyo, kadontho, ndi kanambala komvetsa chisoni. Ndinasankha matumba: anali oti ngolo imodzi ikanatha kunyamula. Mdeka chimodzimodzi. Manja anazizira. Dera lonse linalibe chogulitsa, ndiye amayi okha, ndi munda wawo wamchenga uja, adzaza nyumba bwanji?

Ndinaimba foni.

"Amayi, chimanga chija chilipo?"

"Iii, suona chithunzi kodi?"

"Mundipatse Tadala."

"Wapita kosewera. Mayunitsi akutherawo."

Mawa lake akuti wagona. Mkuja wake akuti ali kwa anzake. Mwana amene ankalanda foni m'manja mwa agogo ake sanapezekenso.

Ndinapita kwa bwana wanga kukapempha masiku. Anandiuza mosabisa kuti lipotilo likufunika msanga, kalata ya pemiti adzasaina likatha, ndipo ndikachoka tsopano sakundilonjeza kanthu. Sanali munthu woipa, anali ndi ake omukalipira. Ndinabwerera pampando, nkuyang'ana kanambala kaja. Ndinatenga ndalama za mapepala ndikugula tikiti ya ndege.

Pa Chileka sindinauze munthu kuti ndafika. Ndinakwera minibasi, pa Lirangwe nkukwera kabaza. Panjira wakabaza ankadandaula za mvula imene inadula chimanga chitangomasula, koma ine ndinkangomva mtima wanga ukugunda.

Tadala ndinamupeza atakhala pakhonde, osasewera. Yunifolomu imene ndinamugulira inkachita kulendewera, tsitsi litayamba kufiira. Anaimirira pang'onopang'ono ngati nkhalamba. Pamoto panali mango aawisi akuwira mumphika. Amayi atandiona anagwira pakamwa.

"Wabwera osanena bwanji?"

Sindinayankhe. Ndinalowa pabalaza. Matumba analipo ndithu, osanjidwa bwino. Ndinagwira la pamwamba ndi manja awiri, nkulinyamula ngati pilo. Nditamasula, munatuluka zitsononkho ndi makoko. Lachiwiri chimodzimodzi. Ndinapsa mtima moti mawu ankanjenjemera.

"Amayi, mwana wanga akudya mango, inu mukunditumizira zinyalala?"

"Usakweze mawu, anthu akumva."

"Amve! Mukanangondiuza!"

"Amve chiyani chimene sakudziwa?" anatero, akutola zitsononkho pansi. "Matumbawa si anga ndekha. Anajambulitsa a Nachisale kutumiza kwa mnyamata wawo ku Kepu. Anajambulitsa a Nambewe. Mawa akubwera kudzatenga ena."

Ndinakhala pansi pompo. Ine ndinkadziona ngati ndimayang'anira kwathu ndili kutali, osadziwa kuti mudzi wonse unagwirizana zotiyang'anira ife. Amadziwa za apolisi, za mapemiti, za zipinda zathu zogona anthu asanu, ngakhale sitiwauza. Ife timatumiza zithunzi titavala majekete patsogolo pa nyumba za eni, iwo amatumiza matumba. Aliyense amasankhira mnzake chimene aone.

Tadala anabwera nkutsamira paphewa panga. Anali wopepuka kwambiri. Ndinamuuza kuti tipita kumsika pompano, tikagule ufa ndi nyemba, ndipo mawa tipita kuchipatala. Amayi anamanganso thumba lija bwinobwino, nkulibwezera pamwamba pa anzake.

"Ntchito ija akusungira?" anafunsa osandiyang'ana.

Ndinakhala chete.

"Ndinkadziwa kuti ndikakuuza ubwera," anatero. "Ndiye wabwera. Tsopano atitumizire ndani?"