Chaka chomwe mlongo wanga anatchedwa "it"

Dzinja la chaka chimenecho ndimalikumbukira ndi fungo la matewera osauma omwe tinkayanika m'nyumba, pa chingwe chodutsa pamwamba pa mbaula. Mvula inkagwa mosaleka ku Epworth komwe tinkakhala, madzi a m'chitsime chathu anasanduka ofiira, ndipo chimanga chomwe anthu ankadzala m'mipata ya miyala ikuluikulu ya kumeneko chinali chitandipitirira msinkhu. Bambo ankalondera fakitale ku Lochinvar, mayi ankagulitsa tomato pamsewu. Mayi anachokera ku Tete, Chishona ankangochithyolathyola, Chingerezi ndiye ayi, choncho kulikonse kofuna pakamwa ankanditenga ine.

Kusukulu, aphunzitsi athu a Chingerezi anali atayamba kutiphunzitsa kamawu kakuti "it". Ankati kamaimira chinthu, mpando kapena galu. Kamaimanso pomwe palibe woimirira: mvula ikamagwa Mzungu amati "it is raining", ukafunsa kuti chikugwetsacho nchiyani, palibe. Kamanena nthawi, kamanena kuzizira. Kenako anawonjeza kuti ngakhale mwana wakhanda angatchulidwe choncho ngati sukudziwa kuti ngwamwamuna kapena wamkazi. Tonse tinaseka, ine kuposa anzanga, chifukwa kwathu kunali khanda, Yohane, amene anapatsidwa dzina la malemu agogo, bambo awo a mayi. Mayi sankamunena kuti iwe. Pomuyamwitsa ankati, "Idyani abambo anga," akalira nkumati, "Akwiya akuluwa."

Mvula ili pakati, Yohane anayamba kutsegula m'mimba. Liwombo linalowa, maso anabwerera m'kati, kulira kwake kunangotsala kamphepo. Mayi anamubereka, ine ndinanyamula ambulera ndi botolo la madzi a mchere ndi shuga, tinaponda matope mpaka pokwerera kombi, minibasi za kumeneko. Kuchipatala kunkanunkha mankhwala okolopera ndi zovala zonyowa, mzere utafika panja. Titalowa, dokotala wachinyamata wovala wotchi yonyezimira anatsina khungu la pamimba pa mwanayo, osayang'ana mayi, osafunsa dzina, nkutembenukira kwa namwino. Anati, "It is too weak. Why do they bring it so late?"

Mayi anandikoka diresi. "Akuti chiyani adokotala?"

Ndinamva kutentha m'makutu. M'chilankhulo chathu mawu amenewo akanatuluka kuti chafooka, achibweretsa mochedwa, ngati kuti pa bedi paja pagona chidole kapena chigalu chotola kudzala. Ndinawauza mayi kuti akuti wafooka. Koma thewera linali chomasula, aliyense wamaso akanaona kuti ndi mnyamata, ndiye ulemu wa lamulo la aphunzitsi uja unali pati? Ndinalankhula Chingerezi changa chonse cha kusukulu: "He is Yohane. He is not it." Namwino anandidzudzula m'Chishona kuti mwana wopanda mwambo, ndikadikire panja. Dokotala anandiyang'ana ngati mpando walankhula, kenako analemba zake. Ndinaima pakhonde mvula ikundiwaza, ndikulira ndi ukali osati mantha.

Yohane anamuika dilipu, ndipo patapita masiku anayambanso kuyamwa. Tili m'njira yobwerera kwathu ndinawaululira mayi zomwe zinanenedwa. Anangoti, "Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Iyeyo ake akadzadwala adzamva."

Nkhani sinathere pomwepo. Pamayeso a teremu imeneyo panali chiganizo cha mwana wolira ndi njala, chofuna kudzaza mpata. Ndinalemba "he". Aphunzitsi anachonga kuti ndalakwa, ndipo nditakana kukonza pabolodi anandimenya ndi lula m'manja pamaso pa kalasi yonse, nati liuma langa lachilendo lidzandilepheretsa sukulu. Sindinakonze.

Lero Chingerezi ndimachilankhula tsiku ndi tsiku, ndipo ndikudziwa kuti galamala inali kumbali yawo. Ndikudziwanso kuti nafenso timati khanda lagona. Koma palibe munthu wa kwathu angaime pamutu pa mwana wodwala, mayi wake ali pomwepo, nkumunena ngati katundu. Chomwe chimandipwetekabe nchakuti dokotala uja mwina sanali woipa mtima, anangopeza kamawu komulola kugwira mwana wa wogulitsa tomato osamuona, ndipo palibe anamuletsa kupatula mtsikana wa zaka khumi, yemwe anamutulutsa panja. Yohane tsopano amayendetsa kombi ya ku Warren Park, ndi chimunthu cha ndevu, ali ndi ana awiri. Mwana wake woyamba atabadwa, ndinapita naye kuchipatala, ndipo namwino asanatsegule pakamwa ndinali nditatchula kale dzina la mwanayo, mokweza, kuti chipinda chonse chimve.