Dandaulo Limene Sheila Anakana Kutseka

Sheila ndamudziwa zaka makumi atatu, kuyambira ali kumsana kwa amayi ake pamsika wa Biriwiri. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 4. Za makompyuta sindizidziwa, koma bodza ndimalizindikira.

Sheila ndi mmodzi wa anthu okonza pulogalamu imene imatichenjeza pafoni matenda a chiwawu akamayandikira, kuti tipopere kachewere wathu msanga. Anandifotokozera kuti pulogalamuyo ilibe mpanda. Aliyense akhoza kuona mmene inapangidwira, aliyense akhoza kulemba dandaulo pa intaneti, poonekera onse. Koma kutseka dandaulo, kunena kuti zakonzeka, ndi kwa okhawo amene anapatsidwa kiyi. Sheila kiyiyo anali naye.

Vuto lathu ndi malire. Minda ndi nyumba zathu zinagundana ndi Mozambique, ndiye foni imangolumphira netiweki ya kutsidyako, chenjezo osafika. Chaka chatha munda wanga unada bii, uthenga n'kubwera masamba atauma kale. Sheila anatolera madandaulo a alimi tonse n'kuwamanga mtolo umodzi, nalemba dandaulo limodzi la ku Biriwiri pa intaneti paja.

Tsiku lina ali pakhonde panga, anaimbiridwa foni ndi a Gracian, mkulu wa ntchitoyo ku Lilongwe. Mawu ankamveka.

“Achemwali, tsekani kaye dandaulo lija la ku Biriwiri. Kukubwera alendo, likutinyazitsa.”

“Mwakonza, bwana?”

“Tidzakonza. Panopa anthuwo azikwera pachulu, netiweki yathu imagwira.”

Sheila anandiyang'ana ine. “Agogo a Yoramu ali pano, mawondo anatha. Ndiwabereke?”

“Kiyi amene muli nayeyo si wa kwanu, achemwali.”

“Katengeni. Ine chosakonzeka sinditseka.”

Anamulandadi kiyiyo, dandaulo n'kulitseka okha. Ena kuno anati mwanayu wataya mwayi chifukwa cha makani. Ine ndinati makaniwo ndi amene timasowa.

Sheila sanalire. Anati, “Agogo, andilanda kiyi wotsekera. Kulemba saletsa munthu.” Analembanso dandaulo lomwe lija, nandifunsa ngati angatchule dzina langa. Ndinati alembe lonse, ndi mfunda womwe. A Gracian analitsekanso. Sheila analembanso. Kenako anthu a kumalire a ku Mchinji, ndi ena a mayiko amene sindiwadziwa, anayamba kulemba pansi pake kuti kwawonso n'chimodzimodzi. Kulitseka mwakachetechete kunakanika, ndipo lili chitsegukire mpaka lero.

Kiyi sanamubwezere. Makonzedwe a vuto la malirelo anawalemba yekha n'kuwatumiza, akudikira a makiyi kuti avomereze. Tsiku lililonse amawakumbutsa, poyera.

Anandilonjeza kuti ndidzamva foni ikulira ndili pakati pa mizere yanga, chiwawu chisanafike. Sinalirebe. Mitambo yayamba kusonkhana cha ku Champiti, ndipo ndamuuza kuti lonjezolo sindinaiwale. Anandiyankha kuti, “Musaiwale, agogo. Inenso sindinatseke.”