Mafosholo awiri pa manda a achimwene

Ndinadzuka kusanache, pa kapeti ya pabalaza, mwendo wa munthu wina uli pamsana panga. Nyumba imene achimwene ankachita lendi ku Coolock, kuno kudziko la azungu, ndi ya zipinda ziwiri, ndipo usikuwo anthu anagona mpaka pamasitepe. Moto wa pamaliro sitinakoleze. Mwininyumba anali atadandaula kale ndi nyimbo zokha. Azimayi ankaphika mosinthana pa chitofu chimodzi.

Kunja kunkawaza mvula. Ena anafika molunjika kuchokera kuchipatala komwe amagwira ntchito, yunifolomu ili mkati mwa jekete.

Itatha Misa tinapita kumanda. Kuti tikafike pa dzenje, bokosi linadutsa mbali yakale, pambali pa bwinja la tchalitchi. Miyala ya kumeneko ndi yosongoka pamwamba ngati mawindo a tchalitchi, ina ili ndi timizati ndi masamba osema. Mayina anadyedwa ndi ndere, miyala ina inapendekera. Bambo wina kumbuyo kwanga ananong'ona kuti, "Kuno kokha ndiye landilodi sathamangitsa munthu."

Bokosi litatsitsidwa, ogwira ntchito pamandapo anavundikira dzenje ndi thabwa lokutidwa ndi udzu wapulasitiki, n'kusanjapo nkhata. Anati kuno abale amayamba achoka, makina amakwirira pambuyo.

Alamu, mkazi wa malemu, anakhala pansi pamatope.

"Amuna anga ali pamtetete, ine ndizikadya mpunga? Sindichoka."

Abambo mfumu, Mmalawi mnzathu, anapita kwa mkulu wa pamanda kukapempha kuti tikwirire tokha, n'kubwera, n'kupitanso. Nkhani inali ya inshuwalansi, yoti silola anthu wamba kugwira fosholo pamandapo. Woyendetsa basi imene tinabwera nayo ankatiloza wotchi yake. Palibe amene anakwera. Anthu ankangozungulira pakati pa ziliza zakalezo, maambulela akugundana.

Kenaka mkulu uja anayang'ana alamu kwa kanthawi, anachotsa yekha thabwa, n'kutipatsa mafosholo awiri. Dothi la kuno ndi lolemera, lomata. Tinkalandizana, amuna a masuti athu, nsapato zikumira. Azimayi anayambitsa nyimbo. Mtumbira utakwera, alamu anaimirira okha, osagwiridwa dzanja.

Madzulo nyumba inali zii. Mipando yobwereka inali itabwezedwa. Alamu anagona ali khale pa sofa, chitenje chikadali ndi matope, tulo tawo toyamba chimwalirire achimwene. Ndinazimitsa getsi osawadzutsa.