Kavalo, Njoka ndi Masamba a Mango

Nyumba yanga ili m'mbali mwa msewu wa phula, pakati pa Nkando ndi mlatho wa Thuchila, pamalo pamene msewu unawongoka ngati chingwe cha mmisiri womanga. Ndinamanga pamenepo ndili dalaivala wa lole ya ku esiteti ya tiyi, nthawi imene kulira kwa injini kunkandikomera. Kulemba ndi kuwerenga ndinaphunzira imvi zitayamba kale, ku sukulu ya kwacha, choncho ndimalemba monga momwe ndimayankhulira.

Ndinabereka ana atatu. Woyamba ndinamuphunzitsa ndekha kuyendetsa galimoto, ndipo ndinkamuseka akamafulumira kuponda buleki. Anafera pa chiwongolero cha minibasi. Pamudzi pano aliyense amadziwa zimenezi, koma palibe amene amazitchula ine ndilipo. Anatsala awiri: wamkazi, amene anakwatiwa ndi mwamuna wochita malonda a nandolo ku Muloza ndi ku Milange, ndi mzime wanga wamwamuna, makaniko ku Joni. Mayi awo anatisiya kale.

Chaka chimene ndikunenachi, mzime uja anabwera kudzadya Khirisimasi pa galimoto yakeyake. Tinaimva isanaoneke. Nkhuku zinathawira kuseri kwa nkhokwe, ine ndinayesa kuti mvula ikugunda kuphiri. Inali yakuda, yotakata pachifuwa, ya zitseko ziwiri zokha, ndipo kutsogolo kwake kunali kachitsulo kosulidwa ngati kavalo wothamanga. Anati inapangidwa ku Amereka, iye anaigula itachita ngozi n'kuikonza yekha. Mawu akuti ngoziwo anawanena mopepuka, ngati akunena za chimfine.

M'mawa mwake mkamwini wanga anatulukira ndi mkazi wake pa kagalimoto kofiira, kogwada pansi, koti mwana wanga wamkazi potuluka anachita kugwira pansi ndi dzanja. Kameneka kanali ka ku Itale, kanalowera ku Mozambiki. Nditawerama kuti ndione chizindikiro chake, ndinapeza njoka yobiriwira ikumeza munthu. Ndinaitana mwana wanga wamkazi kuti aone ngati maso anga sakundinamiza. Iye anaseka, nati, "Ababa, n'chithunzi chabe." Ine sindinaseke.

Awiriwo ndi pachilamu, ndipo chilamu chawo n'chachipongwe kuyambira kale. Asanamalize n'kulonjerana komwe, mzime anazungulira kagalimoto kofiira kaja manja ali kumbuyo.

"Alamu, kameneka mumachita kukwera kapena kuvala?"

"Kunyado," anatero mkamwini, poti ndi mmene amatchulira mlamu ku Milange, "ine ndimayesa mwabwera pa thirakitala kudzatilimira. Khasu lake mwasiya kuti?"

"Masilinda eyiti, alamu. Eyiti! Kanuka folo, ngati minibasi."

"Ng'ombe ili ndi mnofu wambiri, koma inayamba yagwirapo gwape? Ku Amereka misewu yawo ndi yowongoka, ndiye chinthu chanuchi sanachiphunzitse kukhota. Chikafika pa kona chimachita kufunsa njira."

"Inu pa hampu ya pa Nkando ndamva munachita kutsika n'kuipepesa. Ndipo kakadzafa kameneka, sipeya mudzachita kukapempha kwa Papa ku Roma."

"Inu pogulitsira petulo akakuonani amayamba kuvina."

Mkangano umenewu sunathere pakhomo. Anyamata a kabaza ndi a m'maokala a pa Nkando anagawikana, ena a kavalo, ena a njoka. Ankabwera kudzazijambula pa mafoni, kuonetsana mavidiyo a magalimoto ofanana nazo akupikisana kunja, n'kumatsutsana mpaka mitsempha kutuluka m'khosi, anthu oti ena mwa iwo sanagwirepo chiwongolero. A kavalo ankati galimoto ndi mphamvu ndi mawu, mwamuna azimveka akamabwera. A njoka ankati galimoto ndi kupepuka ndi kumvera, phokoso n'la chigayo.

Nanenso ndinakopeka, n'chifukwa chiyani ndibise. Mzime atatsegula boneti, ndinaika dzanja pa chitsulo chofunda chija injini ikulira, ndipo kunjenjemera kwake kunakwera m'mkono mpaka pachifuwa, monga inkachitira lole yanga m'mamawa kukuzizira. Pa tsiku la Khirisimasi, titadya, onse awiri ananditembenukira.

"Ababa, inu ndinu dalaivala wakale. Tiweruzeni. Galimoto ndi iti apa?"

Ndinali nditakhuta, anthu ambiri akundiyang'ana, ndipo pakamwa panga panatuluka mawu amene tinkanena ku esiteti: "Galimoto saiweruza itaima."

Anyamata aja anakuwa ngati mpira walowa. Ndisanatseke n'komwe pakamwa, nkhani inali itatha: mawa lake masana, kuyambira pa Nkando mpaka pa mlatho wa Thuchila, zonse ziwiri pamodzi, ina mbali yake, ina mbali ya magalimoto obwera. Njira imeneyo imadutsa pakhomo panga penipeni.

Msewu umenewo ndimaudziwa. Mumayenda njinga zonyamula matumba a makala opingasa, amayi osenza zinanazi, mbuzi, ana othamangitsa matayala, zidakwa za Khirisimasi zomwe zimakhala zisanatsitsimuke. Ndipo inali nthawi ya mvula, phula loterera.

Ndinamutengera mzime kuseri kwa nyumba. "Iwe, ndinkangocheza ine. Zisiyeni zimenezi."

"Ababa, ndi kanthawi kochepa. Anyamata aimirira m'njira kuchenjeza anthu."

"Mkulu wako uja..."

"Achimwene anali pa minibasi yotha matayala," anandidula. "Iyi ndi galimoto ina. Musamaope chilichonse cha matayala anayi."

Mkamwini sindikanatha kumukalipira, mkamwini sakalipiridwa ngati mwana wobereka wekha. Ndinatuma mkazi wake. Anabwerako akupukusa mutu: "Akuti akabwerera m'mbuyo, ku Muloza konse adzawaseka mpaka imfa." Za kupolisi ndinaziganiza, koma ndi bambo wanji amene amakamangitsa ana ake pa Khirisimasi?

Mawa lake kunacha ndi kamvula kowaza. Dzuwa litapendeka, magalimoto awiri aja ananyamuka kupita ku Nkando, anyamata akuwatsatira pa njinga. Mwana wanga wamkazi analowa m'nyumba n'kutseka chitseko, anati safuna kuona. Ine ndinatsala pakhonde. Ndinayesa kupemphera koma mawu sankalumikizana. Maso anga anagwera pa mtengo wa mango umene uli pakati pa bwalo, ndipo ndinakumbukira chinthu chimodzi chimene dalaivala aliyense kuno amachimvera, ngakhale woledzera, ngakhale wosamva za apolisi.

Kwathu kuno pakagwa maliro, timayala nthambi zamasamba pamsewu, kumtunda ndi kumunsi kwa nyumba ya siwa. Wa galimoto akaziona amachepetsa liwiro n'kuzimitsa wailesi, wa njinga amatsika, wa chipewa amavula. Masamba amenewo sayalidwa mwamasewera. Pakhomo panga anayalidwapo kawiri, ndipo kawiri konseko ndinali m'nyumba ndikulira.

Ndinatenga chikwanje. Nthambi yoyamba ndinaitema kangapo isanagwe. Ndinakokera nthambizo kumsewu, n'kuziyala mbali zonse ziwiri, kumtunda cha ku Nkando, kenako kumunsi. Poyala ndinkanena chamumtima kuti, Mulungu mukuona, palibe wafa, ndikungofuna kuti pasafe munthu.

Chimene sindinachiganize n'chakuti masamba saimitsa magalimoto okha. Amaitananso anthu.

Woyamba anali bambo wina wa njinga ya makala. Anatsika pakati pa msewu, navula chipewa, n'kuyamba kukankha njinga yake pang'onopang'ono. Kenako kutsidya kwa msewu kunamveka mfuu. Anali mayi wachikulire woyandikana nane, mnzake wa malemu mkazi wanga, akubwera manja ali kumutu, chitenje chikukwekwereza pansi. Pambuyo pake amayi ena, wina ali ndi mwana kumsana, onse akuwoloka phula kulunjika kwathu.

"Mayo ine! Watisiya ndani? Kodi ndi anyamata a magalimoto aja?"

"Chokani pamsewu!" ndinakuwa. "Palibe maliro! Chokani!"

Koma munthu wolira samva. Ankayesa kuti chisoni chandizunguza mutu. Awiri anandigwira mikono kuti andikhazike pansi, pomwepo m'mphepete mwa phula. Nthawi yomweyo ndinamva kuchokera ku Nkando mawu awiri: kugunda kwakukulu kwa pansipansi, ndi kulira kwina kosongoka ngati mavu olusa. Zinali zitanyamuka.

Pa moyo wanga ndaopapo zambiri, koma mantha a nthawi imeneyo sindingawafanizire. Ndinaona kuti ndasonkhanitsa anthu ndi manja anga n'kuwaimika panjira ya imfa. Ndinadzipulumutsa m'manja mwa amayi aja n'kuthamangira kumtunda, pakati pa msewu, chikwanje chili m'mwamba, ine nkhalamba yoti kuthamanga ndinaiwala. Kutsogolo ndinaona timadontho tiwiri, kakuda ndi kofiira, tili phewa ndi phewa, tikukula. Ndinadzifunsa ngati munthu wothamanga chotero angaone masamba. Mkodzo unatsika m'mwendo, sindinaumve n'komwe mpaka pambuyo.

Kenako kunamveka kulira kwa matayala. Kofiira kaja kananyonyomala n'kuima mowongoka, mphuno yake itagunda nthambi zoyamba. Yakuda ija inagwedeza matako uku ndi uku, inatembenuka chammbali, n'kutsetsereka ikufuka utsi mpaka inagwera m'ngalande, matayala akutsogolo ali m'chimanga cha eni ake. Inadutsa pafupi nane moti mphepo yake inandikupiza malaya. Wa makala uja anali atataya njinga n'kudumphira kutchire. Kununkha kwa mphira wopserera kunadzaza ponseponse.

Chitseko cha galimoto yakuda ija chinatseguka. Mzime anatuluka magazi akuchucha pamphumi, osayang'ana n'komwe galimoto yake, akuthamangira kunyumba uku akufuula, "Ababa! Ababa!" Anali ataona masamba pakhomo pa bambo ake okalamba, ndiye akanaganiza chiyani? Anandipitirira osandizindikira. Mkamwini naye ankathamanga akuitana mkazi wake, amene anali atatuluka pakhomo akulira, poganiza kuti wafa ndi mmodzi wa iwo.

"Ndili pano," ndinatero.

Mzime anatembenuka. Anandiyang'ana nkhope, anayang'ana chikwanje, anayang'ana mtengo wa mango wosadzulidwa uja. Anandigwira mapewa ngati akufuna kutsimikiza kuti ndine munthu, kenako anandisiya n'kukhala pansi pa phula lonyowa, mutu uli pakati pa mawondo. Analira monga sanalirire pa maliro a mkulu wake.

Mayi woyandikana nane uja ndi amene anayamba kuyankhula. "Abambo inu, mwayala masamba popanda mtembo? Mwalaula mudzi! Imfa mwaiitana, ndiye ibwerera chimanjamanja?"

Anthu anayamba kubalalika mmodzimmodzi, osandiyang'ana. Patapita kanthawi ndinamva mkamwini akunena motsitsa mawu, uku akupukuta magazi a mlamu wake ndi mpango, "Koma kunyado, buleki ya ku Itale mwaiona?" Mzime anaseka pang'ono misozi ili m'maso, nati, "Chokani apa, alamu." Za mpikisano sizinatchulidwenso.

Galimoto yakuda anaitulutsa m'ngalande anyamata a kabaza, a kavalo ndi a njoka pamodzi. Koma nthambi zija panalibe wofuna kuzikhudza. Masamba a maliro amachotsedwa mwambo ukatha, ndipo apa panalibe mwambo woti uthe. Magalimoto ankafika n'kuchepetsa liwiro, a njinga ankatsika, ena ankapatukira kunyumba kudzapepesa. Ndinazichotsa ndekha, imodziimodzi, n'kukaziponya kudzala. Akuluakulu a pamudzi ndi a kumpingo anandiitana pambuyo pake, ndinapepesa, iwo anandikhululukira pakamwa.

Mzime anabwerera ku Joni chaka chatsopano chisanafike, atamanga bampala ndi waya. Potsanzika anati, "Ababa, tsiku limene ndidzaonenso masamba pakhomo pano, ndidzadziwa bwanji?" Mkamwini kagalimoto kake akadali nako, ndipo akamadutsa pano amayenda ngati wanyamula mazira.

Onse awiri ali moyo. Ndimadziuza zimenezi m'mawa uliwonse. Koma mawu a mayi uja sanandichoke. Foni ikalira nambala ili ya ku Joni, ndimayamba ndaisiya ilire, ndikuiyang'ana. Ndikamva injini yolira kwambiri kuchokera ku Nkando ndimaimirira osadziwa. Mtengo wa mango uja unaphukanso pomwe ndinatema, nthambi zake zafika poti munthu angazifikire ataima pansi. Ndinauza mwana wanga wamkazi kuti asalole aliyense kuzidula, ngakhale zikutchinga dzuwa pakhonde. Ngati pali ngongole ya masamba aja, ndimapempha kuti wodzatenga adzayambire pa amene anawayala, ndipo nthambi zake zidzachokere mumtengo womwewo.